Tchuthi ku hotela ya juga: ana tengani, mpamba siyani

Amalonda ambiri a m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu amaidziwa Joni ngati malo okaodako katundu basi. Kukwera basi, kuoda, kubwerera. Koma ena ayamba kundifunsa zotenga banja lonse, ana ndi agogo omwe, kukapuma ku Sun City. Ndiye ndati lero tikambirane.

Sun City ili m'chigawo cha North West, pafupifupi maola awiri pagalimoto kuchokera ku Johannesburg. Anaimanga ndi Sol Kerzner ndipo inatsegulidwa mu 1979. Nthawi imeneyo nyumba za juga zinali zoletsedwa ku South Africa, koma malowa anali mu Bophuthatswana, dera lomwe boma latsankho linapatulira anthu akuda. Kumeneko juga amaloleza.

Kwa banja, chokoma kumeneko si juga ayi. Kuli dziwe lalikulu la mafunde ochita kupanga lotchedwa Valley of Waves, ndipo pafupi pomwepo pali nkhalango ya Pilanesberg komwe ana angaone mikango, njovu ndi zipembere ndi maso awo. Mahotela ake alipo angapo. Palace of the Lost City, yomwe inatsegulidwa mu 1992, ndi ya mabwana olemera thumba. Ife a geni tiyang'ane Cabanas, yotsikirako mtengo komanso yoyenera ana.

Ngati muli ndi agogo ovutika miyendo kapena m'bale woyenda pa njinga ya olumala, safunsa anadya phula. Malowa ndi aakulu zedi. Musanalipire funsani ngati chipindacho ndi chapansi, ngati pali chikepe, ngati njinga ingalowe pakhomo la bafa, ndiponso kuti kuchoka kuchipinda kukafika kodyera kuli masitepe angati. Yankho akulembereni, osangomva pafoni. Kumbukiraninso kuti mu Disembala sukulu za kumeneko zimatseka, anthu amadzaza ndipo mitengo imakwera.

Tsono nkhani ya juga. Lamulo la ku South Africa silola mwana wosakwana zaka 18 kulowa m'chipinda cha juga. Ndiye bambo ndi mayi mukalowa nonse, anawo atsala ndi yani?

Chinanso, makina aja anawakonza kuti pamapeto pake mwini hotela azipindula. Munthu mmodzi akapata amamveka patali, koma oluza amatuluka mwakachetechete. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Langizo langa nali. Ndalama yoodera katundu isakhale thumba limodzi ndi ya tchuthi. Ya basi yobwerera asunge mayi a kunyumba. Ngati mtima ukukakamizani kuyesa mwayi, patulani kandalama komwe mungataye osalira, kakatha nyamukani. Benchi lanu kumsika likudikira katundu mu Januwale, ndipo fizi ya ana siidziwa zoti munali pa tchuthi.