Musanagule pulopela, werengani nambala yake

METANGULA — Nyengo ya mwera ikamayandikira, eni maboti a m'mbali mwa Nyanja ya Niassa, kuyambira ku Meponda mpaka ku Cobué, amayamba kuyang'ana mainjini awo. Amasintha mapulagi, amatsuka kabuleta, amathira oyilo watsopano m'giya. Koma pali chitsulo chimodzi chimene ambiri amagula ndi maso okha, bola chikulowa pa shafiti. Chitsulocho ndi pulopela, imene ena mwa ife timaitchula kuti elise potsata Chipwitikizi.

Abale a kunyanja, tengani pulopela yanu muitembenuze. Pa thupi pake palembedwa manambala awiri. Pa injini ya Yamaha ya mahatchi 40 mungapeze 11 1/8 x 13, ndipo pa ya mahatchi 15 mungapeze 9 1/4 x 9. Nambala yoyamba ikunena kukula kwa pulopela, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Yachiwiri ndiyo nkhani yathu lero. Pa Chipwitikizi amati passo, ndiye kuti phazi. Monga momwe sikuluwu imalowera m'thabwa mukamaipotokola, nayonso pulopela imadzikoka m'madzi, ndipo nambalayi ikunena mtunda umene ingayende ikazungulira kamodzi, madzi akanakhala olimba ngati thabwa. Muyeso wake ndi mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho phazi la 13 ndi masentimita 33.

Ganizo limene lafala m'madooko ndi lakuti phazi likatalika, boti lithamanga. Pa pepala zimaoneka choncho. Injini ya mahatchi 40 ikamazungulira ka 5000 pa mphindi, giya yake imachepetsa ndi theka, pulopela n'kumazungulira ka 2500. Mukachulukitsa ndi masentimita 33 aja, mupeza makilomita pafupifupi 50 pa ola. Kodi ndani anaonapo boti lamatabwa, lodzaza matumba a usipa, chimanga ndi anthu, likuthamanga chomwecho? Madzi si thabwa, amaterereka. Ndiponso boti lolemera silikwera pamwamba pa madzi ngati tija ta mapulasitiki ta alendo. Limalima madzi, n'kumakankha funde lake lomwe. Boti lotero, lotalika mamita 10, likafika pa makilomita 14 kapena 15 pa ola, mphamvu iliyonse yoonjezera imangokulitsa funde ndi kumwa petulo.

Amene anakwerapo njinga ya magiya amvetsa msanga. Giya yolimba ndi yabwino pa msewu wosalala muli nokha. Koma mangani thumba la chimanga kumbuyo, muyambe kukwera chitunda cha ku Maniamba ndi giya yomweyo, muona mawondo akulira. Pulopela ya phazi lalitali pa boti lolemera ndiyo giya yolimbayo.

Injini iliyonse ili ndi malire amene anaikonzera. Mainjini a Yamaha Enduro a mahatchi 15 ndi 40, amene ndi ofala pa nyanja yathu, amayenera kuzungulira pakati pa 4500 ndi 5500 pa mphindi mukatsegula moto wonse. Phazi likatalika kwambiri, injini siyifika pamenepo. Imalira mobuula, boti limachedwa kunyamuka, mapulagi amada msanga, mwaye umadzaza pa pisitoni. Mwini boti amathamangira kwa makaniko kuti kabuleta yavuta. Amaitsuka lero, mawa vuto lomwelo. Pakapita miyezi, malingi amagwira, pisitoni imapsa, ndipo ndalama ya zipangizo imaposa kutali mtengo wa pulopela. Mbali inayo nayo ili ndi vuto lake: phazi likafupika kwambiri, makamaka boti likakhala lopanda katundu, injini imalira mokuwa n'kupyola malire, zitsulo za m'kati n'kumatha nthawi isanakwane.

Lamulo limene amakaniko amatsata ndi losavuta kusunga. Mukatsitsa phazi ndi inchi imodzi, injini imakwera ndi 150 kapena 200 pa mphindi. Mukalikweza ndi inchi imodzi, imatsika chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti injini yanu ya mahatchi 40 ikuthera pa 4200 ndi pulopela ya 13, boti litadzaza monga mwa masiku onse. Mukaika ya 11, mwina mufika pa 4500 kapena 4600, ndipo mwalowa m'malire oyenera. Nambala yatsika, koma mudzadabwa kuona boti likunyamuka mwamphamvu ndi kuyenda bwino kuposa kale.

Kuti mudziwe zoona pafunika kuyeza. Pali kachipangizo kakang'ono kokhala ndi waya amene amakulungidwa pa chingwe cha pulagi, ndipo kamaonetsa kuzungulira kwa injini. Si kodula ngati pisitoni, ndipo asodzi a dooko limodzi angathe kusonkherana n'kugula kamodzi. Koma yezani boti lili ndi katundu wake weniweni, chilimira chonyowa chili m'kati ndi alovi onse atakwera. Kuyeza boti lopanda kanthu n'kudzinamiza.

Nkhaniyi si ya petulo yekha. Pakati pa Cobué ndi chilumba cha Likoma si patali, koma mwera ukakunthira pakati pa ulendo, woyendetsa amafuna injini yomvera dzanja nthawi yomweyo, kuti akweze mphuno ya boti pa funde likubweralo. Injini yolemedwa ndi phazi lalitali imachedwa kuyankha. Funde likapeza boti litapingasa, madzi amalowa, ndipo m'botimo muli amayi ndi ana.

Chinanso ndi chizolowezi chowongola mapiko ndi nyundo pulopela ikagunda mwala. Sitikunyoza amisiri athu, pakuti kumudzi sitolo ili kutali ndipo ulendo suyembekeza. Koma phiko lililonse likakhala ndi kupindika kwake, ndiye kuti pulopela imodzi ili ndi mapazi atatu osiyana. Injini imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumaononga mabeyaringi ndi timphira totseka madzi ku giya. Mukatsegula oyilo wa m'giya n'kumupeza woyera ngati mkaka, dziwani kuti madzi alowa kale. Ulusi wa ukonde wokulungika kuseri kwa pulopela nawonso umadula timphirato, choncho muziichotsa nthawi ndi nthawi n'kuyang'ana.

Nthawi zina injini imakuwa koma boti osayenda, ngakhale mapiko ali bwinobwino. Pamenepo musafulumire kunena phazi. Mapulopela ambiri ali ndi mphira pakati, ndipo ukatha, shafiti imazungulira yokha. Lembani mzere ndi penti kuchokera pa chitsulo cha pakati kufika pa thupi la pulopela, muyende pang'ono, kenaka muyang'ane. Mzerewo ukasemphana, mphira watha.

Amene boti lawo limagwira ntchito ziwiri, lero kunyamula katundu, mawa kupita lopepuka, amasunga mapulopela awiri a mapazi osiyana, pamodzi ndi sipanala, nati ndi kapini kapadera m'bokosi la zipangizo.