Msana ndi Cishalo ca Njinga: Kodi Paipi ya Kaboni Ingathandize?

Mu Chipata njinga ndiyo galimoto ya anthu ambiri. Imanyamula makala, matumba a cimanga, ana a sukulu ndiponso odwala opita ku cipatala. Anthu akale akumbukabe njinga za Eagle zimene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga m'tauni muno. Koma anyamata onyamula anthu panjinga kucokera ku msika wa Kapata kupita ku Mchini kapena ku Magazine amadandaula cinthu cimodzi akaweruka madzulo: msana kuwawa ndi dzanzi pakati pa miyendo.

Masiku ano ena amene ali ndi njinga zamakono amacotsa paipi ya aluminiyamu imene imagwira cishalo n'kuikapo ya kaboni. Kaboni ndi yopepuka ndipo imapindika pang'ono njinga ikagunda mwala, motero kugwedezeka kumene kumafika kumsana kumacepa. Izi n'zoona, koma thandizo lake ndi locepa, makamaka ngati paipiyo yangotulukira pang'ono kunja kwa felemu. Komanso kaboni siifuna nkhanza. Makaniko akaimanga kwambiri ndi sipanala imang'aluka mkati mosaoneka, ndipo tsiku lina imathyoka mwadzidzidzi munthu ali paliwiro potsika phiri. Citsulo cimayamba capindika, mwini n'kuona. Kukula kwa paipi nakonso kumasiyana: njinga zambiri zothamangira zimalandira ya mamilimita 27.2, imene siilowa m'njinga zambiri zakale zacitsulo.

Kwa bambo amene amadyetsa banja ndi njinga, mankhwala enieni ali pafupi ndipo safuna ndalama zambiri. Coyamba ndi msinkhu wa cishalo. Munthu akakhala pa cishalo n'kuponda pedulo ndi cidendene, pedulolo lili pansi penipeni, mwendo uyenera kuongoka. Cishalo cotsika kwambiri cimapweteka maondo. Cokwera kwambiri cimacititsa ciuno kupendama uku ndi uku, ndipo msana ndiwo umalipira. Pa paipi pamakhala kamzere kosonyeza pamene siiyenera kutulutsidwa kupitirira. Ambiri sakasamala kamzereka.

Cishalo cikhale cogona bwino, mphuno yake isaloze kumwamba, cifukwa imapanikiza mitsempha ya pakati pa miyendo, ndipo dzanzi limene amuna ambiri amacita manyazi kulichula limacokera pamenepo. Cishalo cacikulu ca masipuling'i, conga ca njinga zakale zija, cimameza mabampu a mumsewu wa fumbi kuposa paipi iliyonse ya kaboni. Matayala opopedwa mpaka kuuma ngati mwala naonso amatumiza kugunda konse kumsana.

Dzanzi limene silikutha patapita masiku angapo, kapena ululu wocokera m'ciuno kutsikira kumwendo, si nkhani ya makaniko. Woteroyo apumitse njinga ndi kupita ku kiliniki ya m'komboni mwake, kumene angamutumize ku Chipata Central Hospital ngati pafunika kupimidwa kwambiri.