Kodi mumadziwa?

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, tindege tambiri toyendetsedwa ndi wailesi tinkawongoleredwa ndi chinthu chimodzi chokha: chiwongolero cha kumchira. Pa makina ambiri, woyendetsa akadina batani kamodzi, kandege kankakhotera kumanja. Akadina kawiri, kumanzere. Mphamvu yotembenuza chiwongolerocho inkachokera ku mphira wopota.

Chinsinsi chinali m'mapiko a kandegeko, opendekera m'mwamba ngati chilembo cha V, omwe ankakabwezeretsa m'malo kakapendama. Ukakhotetsa nthawi yaitali, kankatsika mozungulira, liwiro n'kumakula. Ukasiya, liwirolo linkakakweza m'mwamba. Akatswiri ankatha kukagudubuza mlengalenga mwa njira imeneyi. Ophunzira ankalangizidwa kudina pang'onopang'ono, kenako n'kukasiya kandegeko kuti kadziwongole kokha.