Ku Itawa, yambirani pa kasupe

Mlendo akandifunsa koti ayambire ku Ndola, ndimamutengera ku Itawa. Kumeneko kuli akasupe amene madzi ake amatsikira mu mtsinje wa Kafubu, womwe umamwetsa anthu ambiri mumzindawu. Mukafike m'mawa, muime m'mphepete mwa dambo, muone madzi akutumphuka pakati pa bango. Ine mtima umandiwawa ndikaona nyumba ndi minda zikusendera pamenepo. Mpaka 2021 ndege za apaulendo zinkatera ku Itawa komweko, koma lero bwalo la ndegelo ndi la asilikali.

Njala ikakupotani, londolani utsi. Michopo, nyama yootcha pamakala, amaiduladula n'kuwaza anyezi ndi tsabola, mumadya ikadali yamoto. Muitanitsenso nsima ya ifisashi, masamba otendera aja, koma chikanda mukagule kwa amayi a pamsika.