6 Julaye: tsiku la mbendera, mpira ndi misozi

Ukafika kwa Chulu m'boma la Kasungu mwezi wa Julaye umapeza zigafa zambiri zili pululu, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo powotha moto madzulo nkhani imakhala ya mabelo a fodya ndi mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma. Pa 6 pakakwana, ana amangodziwa kuti ndi holide, kusukulu sapita. Koma mukawafunsa chomwe chinachitika patsikuli, ambiri amangoti "ufulu", basi athera pomwepo.

Chonsecho tsikuli lasenza zambiri, ndipo gawo lalikulu la mbiri yake likukhudza mwana wa m'boma lomweli.

Kubwera kwa Kamuzu

Pa 6 Julaye 1958 ndege inatera pabwalo la Chileka ku Blantyre itanyamula Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe anali atatha zaka zoposa 40 kunja. Anachoka ku Kasungu ali mnyamata, nakagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, kenako nakaphunzira zaudotolo ku America ndi ku Scotland. Anaitanidwa ndi achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume kuti adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1953.

Sizinayende mofewa. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linamumanga n'kukamutsekera kundende ya Gwelo, komwe anatuluka mu Epulo 1960. Koma madzi anali atafika kale m'khosi, ndipo chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963.

Tsiku lomwe anatera pa Chileka ndilo linadzakhala tsiku la ufulu. Pakati pausiku wolowa pa 6 Julaye 1964, pabwalo la zamasewero ku Blantyre, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ndipo ya mitundu itatu, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka, inakwezedwa. Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, ndiye anaimira dziko la Britain. Dzina loti Nyasaland linathera pomwepo.

Pa 6 Julaye 1966 Malawi anakhala Ripabuliki, Kamuzu nakhala pulezidenti woyamba pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi. Mu 1971 anamulumbiritsa kukhala pulezidenti wamuyaya. Umuyayawo unatha Amalawi atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo pa chisankho cha mu Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana.

Ufulu wa mlimi unachedwa

Akuluakulu a kwa Chulu ndi madera ena a Kasungu akudziwa kuti mbendera inakwera msanga kusiyana ndi ufulu wa m'munda. Kwa zaka zambiri dziko litayamba kudzilamulira, fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa m'maesiteti okha. Mlimi wa kumudzi ankalima mitundu ina ya fodya n'kumagulitsa ku ADMARC pamtengo womwe anaikiridwa, kapena ankalowa utenanti pa esiteti ya munthu wina.

Ndi m'zaka za m'ma 1990 pomwe lamulo linamasuka, alimi ang'onoang'ono nayamba kulowa m'makalabu, kulima bale ndi kutumiza mabelo awo ku okushoni. Nyumba zambiri zamalata ndi ngolo zomwe timaona m'midzi ya ku Kasungu zinabwera ndi kusintha kumeneku, ngakhale madandaulo a mitengo, ngongole za feteleza ndi mabelo obwezedwa sanathe.

Misozi pabwalo la Bingu

Mpira ndi 6 Julaye n'zosalekana kuno kwathu. Koma mu 2017, dziko likukwanitsa zaka 53, chikondwerero chinasanduka maliro. Chikhamu cha anthu chinasonkhana m'mawa pazipata za bwalo la Bingu ku Lilongwe kudikira zochitika za tsikulo, kuphatikizapo masewero a Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsekulidwa, anthu anayamba kukankhana, ndipo anthu 8 anafa atapondedwa. Mwa iwo, 7 anali ana.

Makolo amene amalola ana kupita okha kumisonkhano ikuluikulu, kaya ndi ya mpira, ya ndale kapena ya zoimbaimba, azikumbukira tsiku limeneli. Pachipwirikiti, wamng'ono ndiye amayamba kugwa.

Pabwalo la masewero kunja

Chaka chimodzi Kamuzu asanabwere, pa 6 Julaye 1957, Althea Gibson wa ku America anakhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisano waukulu wa tenesi wa Wimbledon ku London. Mphotho yake analandira kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth, yemwe panthawiyo anali akulamulirabe Nyasaland.

Pa 6 Julaye 2000 Africa yense anagwira njakata pamene South Africa inalephera ndi voti imodzi kupeza mwayi wochititsa World Cup ya 2006. Germany inapeza mavoti 12, South Africa 11, nthumwi ya ku New Zealand, Charlie Dempsey, itakana kuvota m'chigawo chomaliza. Koma kugona pakati n'kuyambirira: patatha zaka 10 ndendende, pa 6 Julaye 2010, mzinda wa Cape Town unachititsa semifainolo ya World Cup yoyamba pa nthaka ya Africa. Netherlands inachinya Uruguay 3-2, ndipo ambiri amene anaonera m'nyumba zakanema m'matauni athu anagona mtima uli m'malo, poti Uruguay yomweyo ndiyo inatulutsa Ghana masiku anayi m'mbuyomo, Luis Suarez atatchinga mpira ndi manja pagolo.

Katemera wa chiwewe

Pali chinanso chomwe chimatikhudza ife oweta agalu. Pa 6 Julaye 1885 Louis Pasteur wa ku France anayesa koyamba katemera wa chiwewe pa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, yemwe analumidwa ndi galu wachiwewe. Mwanayo anapulumuka. Mpaka lero chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika, n'chifukwa chake wolumidwa ndi galu ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati galuyo afe.

Obadwa patsikuli

Amene anakula akuonera mafilimu a Rambo adziwe kuti mwini wake, Sylvester Stallone, anabadwa pa 6 Julaye 1946, tsiku limodzi ndi George W. Bush yemwe analamulira America kuyambira 2001 mpaka 2009. Mtsogoleri wachipembedzo wa ku Tibet, Dalai Lama, anabadwa patsikuli mu 1935, pomwe woimba 50 Cent anabadwa mu 1975, tsiku lomwe zilumba za Comoros zinalengeza ufulu wake kuchoka m'manja mwa France.

Koma obadwa ofunika kwambiri ali pakhomo pompano. Mwana yemwe analira koyamba kwa Chulu mbendera ikukwera mu 1964 tsopano ndi gogo woposa zaka 60. Anavina kapena kuonera magule a pamaso pa Kamuzu, anagula khadi la chipani kuti alowe mumsika, anavota mu 1993, ndipo anaona njala yomwe inasautsa Kasungu mu 2002. Pa 6 pakakwana, tsitsani wailesi pang'ono, muwaitane ana pamoto, agogowo afotokoze okha zomwe anaona.