Lilongwe ndi nyanja ya zilumba: malangizo kwa wochokera ku Salima

Munthu wa ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Chipoka akamva za tauni, m'mutu mwake mumabwera pa boma pa Salima: msika, chipatala, banki, polisi ndi ofesi ya DC, zonse zofikika ndi miyendo kapena pa kabaza wa njinga yakapalasa. Maganizo amenewa ndiwo amasokeretsa ambiri tsiku loyamba ku Lilongwe. Likulu lathu silinamangidwe pamalo amodzi. Kuti mulimvetse, litengeni ngati nyanja yokhala ndi zilumba zingapo. Chilumba chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo pakati pa china ndi chinzake pali mtunda wosayendeka wapansi. Msodzi wochoka pagombe kupita ku Maleri kapena ku Mbenje amayamba wadziwa zinthu zitatu: dooko loyambira, zizindikiro zomulondolera, ndi nthawi imene mphepo ikulola. Mlendo wa ku Lilongwe akufunika zitatu zomwezo.

Kubalalika kwa mzindawu sikunachitike mwangozi. Kamuzu Banda ataganiza zochotsa likulu ku Zomba, boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano ndi ngongole yochokera ku South Africa. Lilongwe anakhala likulu mu 1975. Okonza mapulani sanafune kuti zonse ziwunjikane pakatauni kakale ka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, choncho anagawa mzinda m'zigawo zinayi zondondozana kuchokera kummwera kupita kumpoto, n'kusiya tchire ndi mitengo pakati. Lero malo ambiri amene anali tchire adzaza nyumba, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu, koma mitunda ija idakalipo.

Chilumba choyamba ndi Old Town, komwe kuli msika waukulu, depoti ya mabasi, mzikiti waukulu, masitolo a amwenye a ku Area 2 ndi msewu wa Malangalanga. Wofuna katundu wa pikulitsa, zitsulo za injini, nsalu kapena kaunjika wa pamsika wa Tsoka, kwake n'kumeneku. Chipatala cha Bwaila chilinso komweku. Kondakitala akamakuwa kuti "tauni, tauni!" akunena kuno, osati kumene kuli maofesi a boma.

Chachiwiri ndi City Centre pamodzi ndi Capital Hill, makilomita pafupifupi 5 kumpoto kwa Old Town. Uku ndiko kuli maunduna, Reserve Bank, Nyumba ya Malamulo ndi maofesi ambiri a akazembe. Mphunzitsi wopuma pantchito wolondola za penshoni yake amathera kumeneku. Ndi malo a misewu yotakata ndi anthu ochepa oyenda pansi, ndipo dzuwa likangolowa kumachita zii. Pakati pa zilumba ziwirizi pali Kamuzu Central Hospital, ku Area 33, komwe chipatala cha Salima chimatumiza odwala amene matenda awo apitirira mphamvu zake. Anthu amangoti "ku Central".

Chachitatu ndi Kanengo, dera la mafakitale, nkhokwe za chimanga ndi msika wa fodya wa okushoni. Chachinayi ndi Lumbadzi, komwe kuli bwalo la ndege la Kamuzu International Airport, makilomita pafupifupi 25 kuchokera mkati mwa mzinda. Woperekeza m'bale wopita ku Johannesburg kapena ku Haji asayerekeze kuganiza kuti akafika kudepoti ndiye kuti wafika kubwalo la ndege.

Tsopano za zizindikiro. Panyanja palibe zikwangwani. Alovi amayang'ana mapiri a Senga ndi chilumba cha Namalenje n'kudziwa pamene ali. Ku Lilongwe zikwangwani zilipo, koma manambala a madera ndi onyenga. Anaperekedwa potsatira m'mene malo ankatsegulidwira, osati m'mene anayandikirana. Area 24 ili kummwera chakum'mawa, pomwe Area 25 ili kumpoto pafupi ndi Kanengo, kutsidya lina la mzinda. Koma Area 18 ndi Area 49, zomwe pa nambala zikuoneka zotalikirana, n'zoyandikana. Ndiye wachibale akakuuzani pafoni kuti amakhala ku 25 kapena ku 23, musakhutire. Madera amenewa ndi aakulu kuposa midzi ingapo kuiphatikiza pamodzi. Mufunseni dzina la siteji yotsikira ndi chinthu chooneka chomwe chili pafupi: tchalitchi, sukulu, chigayo, malo omwetsera mafuta. Madera ena amadziwika ndi mayina kuposa manambala, monga Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Chinsapo ndi Mtandire, ndipo kondakitala amamva msanga mukatchula dzina.

Dooko lalikulu la mzindawu ndi depoti ya ku Old Town ndi masiteji oizungulira. Maminibasi ambiri amayambira pamenepo n'kubwereranso pomwepo. N'chifukwa chake ulendo wochoka dera lina kupita lina nthawi zambiri umadya ndalama ziwiri: yolowera m'tauni ndi yotulukira. Powerengera ndalama ya ulendo, ikanipo zimenezi, ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa mkangano wa chenje ndi wa tsiku ndi tsiku.

Koma ife a ku Salima tili ndi mwayi umene ambiri sauona. Msewu wa M14, ukachoka pa Kaphatenga n'kukwera zitunda za ku Mvera ndi Chezi, umakathera pa M1 chakumpoto kwa mzinda, pafupi ndi Kanengo. Ndiye kuti timalowera kumutu, osati kumchira. Wopita kubwalo la ndege atsike pamphambano pomwepo n'kukwera galimoto yolowera kudzanja lamanja, ya ku Lumbadzi. Wopita ku Area 25 kapena ku okushoni atsikire ku Kanengo. Wa ku Capital Hill kapena ku Nyumba ya Malamulo atsike pa Area 18, pamene pali misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, n'kupeza galimoto yotsata Presidential Way. Kupitirira mpaka kudepoti kenako n'kubwerera ndi kupalasa kawiri madzi omwewo. Muuzeni kondakitala komwe mukupita musanafike ku Kanengo, adzakutsitsani poyenera.

Zokwera zilipo za mitundumitundu, monga momwe pagombe pamakhalira bwato, boti lopalasa ndi la injini. Minibasi ndiyo yotsika mtengo, koma sinyamuka isanadzaze, ndipo anyamata oitanira adzakulumbirirani kuti yatsala ndi munthu mmodzi ngakhale muli mipando isanu yopanda anthu. Suzumirani nokha musanakwere, ndipo chikwama chanu musapatse munthu kuti akunyamulireni. Magalimoto ang'onoang'ono a Sienta amadzaza msanga ndipo amathamangirako. Njinga zamoto za kabaza zimafika paliponse, ngakhale m'tinjira ta ku Mtandire, ndipo zimadutsa pakati pa magalimoto oima, koma ngozi zake n'zambiri ndipo zimavulaza koopsa. Sankhani wa kabaza wokhala ndi chipewa choteteza mutu, ndipo musalole kukwezedwa awiri kapena atatu. Kaya ndi kabaza kaya ndi takisi ya hayala, gwirizanani mtengo musanakhale pampando. Ndi bwino kufunsa mayi wogulitsa pasiteji kuti ulendowo anthu amalipira zingati, popeza iye alibe chopindulapo.

Chinthu chachitatu chimene msodzi amayamba wadziwa ndi nthawi. Msodzi wanzeru salimbana ndi mwera. Amaudikira kapena amaupita patsogolo. Mwera wa ku Lilongwe ndi mzere wa magalimoto, ndipo ubwino wake ndi wakuti umawomba pa nthawi yodziwika: m'mawa anthu akamapita kuntchito ndi kusukulu, komanso madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko mpaka kugwa kwa mdima. Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town ndi pamene pamathinana kwambiri, chifukwa magalimoto ochokera ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 36 amakumana pomwepo. M'nyengo yogulitsa fodya, malole amachulukanso ku Kanengo. Wofuna thandizo muofesi anyamuke ku Salima kusanache kuti akafike ntchito ikungoyamba, chifukwa masana ogwira ntchito amapita kukadya, ndipo amene wafika mochedwa amauzidwa kuti abwere mawa. Lachisanu masana masitolo ambiri a ku Area 2 amatseka kwa kanthawi eni ake akapita kukaswali.

Konzekeraninso kuzizira. Nyanja yathu ili pamalo okwera mamita osafika 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, pomwe Lilongwe ali pamamita opitirira 1,000. M'miyezi ya June ndi July, munthu wozolowera kutentha kwa ku Salima amanjenjemera ndithu, makamaka wodikirira wodwala amene akugona pakhonde la chipatala. Juzi ndi bulangeti musasiye. Za akuba, malo osamala kwambiri ndi pamene pali chikhamu: kudepoti, mumsika ndi pa timilatho tamitengo ta ku Tsoka, tomwe amalipiritsa powoloka. Foni isakhale m'thumba lakumbuyo, ndipo ndalama zambiri ndi bwino kuzisunga pafoni n'kumatapa pang'onopang'ono.

Ntchito ikatha nthawi ilipo, pali zoti muone. Chiliza cha Kamuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2006, chayandikana ndi Nyumba ya Malamulo imene anamanga ndi thandizo la dziko la China n'kuitsegula mu 2010. Lilongwe Wildlife Centre ili m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo imasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa. Okonda mpira angapite ku Bingu National Stadium ku Area 48, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 2017 ndipo limalowa anthu pafupifupi 40,000. Pobwerera, yesetsani kukhala pamsewu wa M14 kusanade, chifukwa zitunda ndi makona a ku Mvera si zoyendamo usiku, komanso mukafika ku Salima pamakhala patatsala makilomita ena pafupifupi 20 kwa wa ku Senga Bay.

Pali pamodzi pamene mzinda umasiyana ndi nyanja. Mapiri amene agogo athu ankayang'ana ali pabwato ndi omwewo amene alovi akuyang'ana lero, koma zizindikiro za ku Lilongwe zimasintha. Msewu umene akuluakulu amautcha Chilambula tsopano ndi Paul Kagame. Chipatala chimene ankati Bottom ndicho Bwaila. Raundabauti ya pa Area 18 kulibenso, misewu ya Kenyatta ndi Mzimba anaikulitsa, ndipo masiteji amasamutsidwa ntchito ya misewu ikayamba. Malangizo a malume amene anagwirako ntchito ku Kanengo zaka 20 zapitazo angakutsitseni pamalo pamene palibenso siteji. Musananyamuke, funsani amene wapitako mwezi uno: dalaivala wa pa Kamuzu Road, kapena mayi amene amapita ndi usipa wake kumsika wa ku Lilongwe sabata ndi sabata. Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo ku likulu njirayo imafunika kuifunsanso ulendo uliwonse.