Kodi Mapiritsi a Adyo Amatetezadi Mtima?

Adyo mu ndiwo ndimamukonda, koma akamuika m'botolo n'kulemba kuti amateteza mtima, ndimayamba ndafunsa umboni.

Mukasinja adyo pamapangika mankhwala otchedwa allicin, amene amabweretsa fungo lija. Allicin sachedwa kuwonongeka, ndipo mapiritsi a makampani osiyanasiyana safanana mphamvu.

Mu 2007, Christopher Gardner ndi anzake a ku Stanford University anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 192 okhala ndi mafuta oipa ochuluka m'magazi. Kwa miyezi 6, ena ankadya adyo wosaphika, ena ankamwa mapiritsi a adyo, ena mapiritsi opanda adyo. Adyo sanatsitse mafutawo.

Pa BP pali chiyembekezo pang'ono, chifukwa kafukufuku wina waonetsa kuti imatsikako mwa anthu amene ndi yokwera kale. Komabe mu 2012 ofufuza a Cochrane sanapeze umboni wokwanira woti adyo amachepetsa sitiroko kapena imfa za matenda a mtima.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti makolo athu angasiye mankhwala a kuchipatala podalira botolo. Amene mukumwa warfarin kapena mukudikira opaleshoni, funsani kaye dokotala, poti mapiritsiwa angachititse kuti magazi achedwe kuundana.